Mawu a Malemu mu Insitaladori

Metangula, chaka changa choyamba

Za ubwana wanga mukuzidziwa kale, ana anga. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito imene ndinagwira ndisanalowe reforma, kupuma pa ntchito kuja, chifukwa ndaona kuti anthu akakufunsani mumangoti amayi ankakonza makompyuta, nkhani nʼkuthera pompo.

Ntchitoyi ndinaiyamba ndili wamkulu kale. Ndinali mlembi pa ofesi ina ku Lichinga kwa zaka zambiri, kenako ndinaphunzira za makompyuta, ndipo bungwe lina lothandiza zipatala linandilemba ntchito nʼkunditumiza kwathu kunyanja. Ofesi yathu ku Metangula inali kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo yogulitsa maukonde, moti zovala zathu zinkanunkha phula ndi chingwe chatsopano. Tinalimo awiri, ine ndi a Amisse, bambo wa ku Meluluca, wamtali, wolankhula mosathamanga. Anali wamngʼono kwa ine, koma ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Shefe wathu, kapena kuti bwana, a Matias, ankakhala ku Lichinga ndipo tinkawadziwira pa foni.

Ntchito yathu inali yoika pulogalamu imodzi mʼmakompyuta a tizipatala ta mʼmbali mwa nyanja. Pulogalamuyo inkasunga mayina a odwala ndi mankhwala amene alandira, komanso inkayenera kumaitana anthu pamzere kudzera pa sipika, aliyense ndi nambala yake. Masipikawo anali asanafike, choncho mbali yoitanayo palibe amene anali ataimva.

Vuto linali pa insitaladori, kapulogalamu kamene kamalowetsa pulogalamu yaikuluyo mu kompyuta. Amene anaipanga ankakhala mumzinda, kumene intaneti siduka. Pulogalamu siyenda yokha, imadalira tizidutswa tina topangidwa ndi anthu ena, timene timati mabibiliyoteka: ina yosindikizira pepala, ina yosungira mayina, ina yotulutsira mawu. Insitaladori ya kumzinda inkabwera yopanda zimenezi, inkati ikazitenga pa intaneti ikamalowa. Ku Lunho kapena ku Meluluca inkafika pakati nʼkuima, ngati injini ya boti yobwera yopanda payipi ya mafuta. Tinkayenda ulendo wa tsiku lonse pa njinga yamoto, fumbi mpaka mʼmakutu, nʼkubwerako chimanjamanja.

A Amisse ndi amene anati tisiye kudandaulira a Matias, tipange insitaladori yathuyathu. Anapita ku Lichinga, nʼkutola mabibiliyoteka onse imodziimodzi, iliyonse ya mtundu umene pulogalamuyo inkafuna, chifukwa ukatenga yatsopano kwambiri inkakana, ukatenga yakale inkakananso. Onse anawamanga mʼkati mwa insitaladori kuti munthu azingonyamula fulashi imodzi mʼthumba. Kenako anandiphunzitsa za mavariyaveli. Amenewa ndi mawu ochepa amene insitaladori imasiya mu kompyuta ikamamaliza, ouza pulogalamu kuti mabibiliyoteka ake ali mu pasita kapena kuti foda iti, chipatala chino dzina lake ndi chiyani, mawu oitanira odwala ikawatenge kuti. Ankati pulogalamu ili ngati mlendo wofika mʼmudzi, katundu ali naye koma ukapanda kumulozera njira amalowa nyumba ina iliyonse imene wapeza yotsegula.

Variyaveli ya mawu oitanira anaisiya yopanda kanthu. Nditawafunsa, anati aidzaza masipika akabwera, ndipo anawonjezera kuti mawu amene anachokera kumzinda ndi a mayi wolankhula Chipwitikizi chothamanga, chimene nkhalamba za ku Lunho sizingamve. Anati ali ndi kanthu kena kamene akukonza. Sindinafunse zambiri.

Nyengo ya mwera, chaka chachitatu

A Amisse ankapita kwawo Lachisanu lililonse. Msewu wa ku Meluluca ukaipa ankakwera boti, ndipo chaka chimenecho njinga yathu inali itathyoka, zitsulo zake zikudikiridwa kuchokera ku Lichinga. Lolemba lina sanafike pa ntchito. Masana kunabwera uthenga woti boti limene anakwera linagubuduzika ndi mwera pafupi ndi miyala. Ena anasambira, ena anawavuula asodzi. A Amisse sanapezeke. Abale awo anayendayenda mʼgombe kwa masiku ambiri, kuyangʼana mʼmabango ndi mʼmapanga, koma nyanja sinabweze kanthu, ngakhale chipewa chawo.

Ndinapita kukapepesa. Maliro opanda mtembo ndi ovuta, ana anga. Anthu anakhala pamphasa, anawerenga mapemphero, koma maso a aliyense ankathawira kunjira yochokera kudooko. Akazi awo, a Mwajuma, sanalire tsiku limenelo. Anangondigwira dzanja nʼkundifunsa ngati kuofesi kunalibe uthenga uliwonse.

Ndinabwerera mʼkachipinda kaja ndekha. Mpando wawo sindinausunthe. Fulashi ya insitaladori inali mʼkabati, yomangidwa ndi kachingwe kobiriwira ka ukonde, ndipo ndinapitiriza kuigwiritsa ntchito monga mmene anaisiyira.

Dera la Lunho, mwezi wa Agosito

Masipika anafika patapita miyezi iwiri kapena itatu. A Matias anati ndiyambire kachipatala kena ka mʼdera la Lunho, kamene dzina lake sinditchula, chifukwa kumeneko kompyuta inali yatsopano ndipo Lachinayi kunkabwera anthu ambiri odzalandira mankhwala a mwezi ndi mwezi. Ndinafika mʼmamawa. Anamwino a Rosa, mayi wonenepa wanthabwala, anagawa timapepala ta manambala pamene ine ndinkalowetsa pulogalamu. Insitaladori inayenda bwinobwino mpaka kumapeto. Sipika tinaikoloweka pa msomali pakhonde, pamwamba pa mabenchi. Kunja kunali dzuwa lowala, amayi akuyamwitsa ana, abambo atatsamira njinga zawo pansi pa mtengo wa mango.

A Rosa anadina batani loitanira munthu woyamba.

“Numero umu. Bwerani, nthawi yanu yakwana.”

Anali a Amisse. Sanali mawu ofanana ndi awo, anali iwowo, ndi kupuma kwawo kuja asanamalize chiganizo. Ndinali nditagwada pansi pa tebulo ndikulumikiza mawaya, ndipo ndinatembenuka kuyangʼana pakhomo, ndikuyembekeza kuona munthu wamtali ataima pamenepo. Anthu a kumeneko ankawadziwa a Amisse, amene anali atagona mʼmudzimo kangapo pa ntchito yathu, ndipo ena mwa abambo amene anali pansi pa mango anali mʼgulu lowafunafuna panyanja.

Mwini nambalayo anali mkulu wina wowonda, wotsokomola, amene anabwera ndi mdzukulu wake wamkazi. Sanadzuke. Anayangʼana kapepala kake, kenako sipika, nʼkuika kapepalako pa benchi pangʼonopangʼono ngati kakutentha. Pulogalamuyo inapangidwa kuti munthu akachedwa iziitananso, ndipo ndisanafike pa waya wa sipika kuti ndiuzule, mawu aja anabwereza. Apo mʼpamene mayi wina anabereka mwana wake nʼkunyamuka. Palibe amene anathamanga kapena kukuwa. Anangochoka mmodzimmodzi, mwakachetechete, mpaka pakhonde panatsala timapepala tokhatokha tikuuluzika ndi mphepo.

Onse atachoka ndinatsegula insitaladori kuti ndione mʼkati. Pakati pa mabibiliyoteka panali pasita ina yaingʼono yolembedwa kuti yoyesera. Mmenemo munali mawu awo, nambala iliyonse payokha, ndi chiganizo chija. Pulogalamu itapeza variyaveli ya mawu ilibe kanthu, inalowa mu pasita imene inali pafupi. Ndinafotokozera a Rosa zonsezi, iwo akugwedeza mutu, koma anakana kukhudzanso kompyutayo tsiku limenelo. Kunena zoona, inenso ndinkadziwa bwinobwino chimene chachitika, koma pobwerera ndinkamva ngati fulashi ija ikulemera mʼthumba.

Mkulu wa nambala yoyamba uja anamwalira sabata yotsatira. Anali akudwala kwa nthawi yaitali, ndipo a Rosa anati ngakhale akanalandira mankhwala tsiku lija mwina sizikanasintha kanthu. Koma mʼmidzi nkhani inali ina. Ankati amene anamira panyanja akuitana anthu ku chipatala, ndipo amene waitanidwa satha sabata. Ena ankati a Amisse sanafe, bungwe lathu linawasandutsa ndondocha nʼkuwatsekera mu kompyuta kuti azigwira ntchito yaulere. Lachinayi lotsatira mabenchi anali opanda anthu. Awa anali odwala amene mankhwala awo sadumphitsa, ena a chifuwa, ena a matenda a mʼmagazi. A Rosa anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi katoni ya mankhwala pamutu, koma midziyo ndi yotalikirana, ndipo mabanja ena ankawatsekera chitseko.

A Matias pa foni anati ndifufute mawuwo mu insitaladori ndi paliponse pamene ali, ndiloze variyaveli ku mawu a Chipwitikizi aja, nkhani ithe. Kulozako ndinachita tsiku lomwelo. Kufufutako ndinazengereza. A Amisse sankakonda kujambulidwa, ndipo kunalibe kwina kulikonse kumene mawu awo anatsala.

Meluluca, mwezi wotsatira

A Mwajuma anatuma mlongo wawo kudzandiitana. Ndinanyamula kompyuta yanga yamʼmanja nʼkupita. Ndinawapeza mʼnyumba, atavala nsalu yoyera, atawonda kwambiri. Ana anawatumiza kwa azakhali awo. Mlongo wawo anakhala pakhomo, ife tinakhala pamphasa mʼchipinda chochezera, chitseko chili chotseka chifukwa cha mphepo.

Sanazungulire. “A Fernanda, anthu akuti amuna anga akulankhula ku Lunho. Inu munkagwira nawo ntchito. Ngati ali moyo kwinakwake, ndiuzeni, sindikuimbani mlandu.”

Ndinawauza kuti sindikudziwa china choposa chimene iwo akudziwa, koma mawuwo ndili nawo, ndipo anawajambula okha asanamwalire. Anati ndiwatsegulire. Ndinayamba ndi manambala. A Amisse anawerenga mʼchipinda chawo chomwe, manambala a Chipwitikizi, umu, doizi, tereshi, mosathamanga. A Mwajuma anatseka maso. Patapita kanthawi anakweza dzanja kuti ndibwereze nambala ina, ndipo titamvetsera tinamva kuseri kwa mawuwo kulira kwa chitseko. Anati chimenecho ndi chitseko cha kukhitchini kwawo. Pa nambala ina kunkamveka mwana akulira patali, ndipo anati ndi mwana wawo wotsiriza, nthawi imene ankamera mano. Anakumbuka Loweruka lina a Amisse atadzitsekera mʼchipindamo nʼkuwapempha kuti ana asachite phokoso. Iwo ankaganiza kuti akuyeseza zoti akaphunzitse anamwino.

Pafupi ndi kumapeto panali nambala ina imene sanaidule bwino. Atainena, panadutsa kanthawi kopanda mawu, kenako anafunsa motsitsa, ngati atembenukira kumbali:

“Ndani ali pakhomopo?”

Tonse tinayangʼana kuchitseko. Mlongo wawo kunja anamvanso. Mu kompyutamo simunamveke yankho lililonse, munangomveka mphepo pa malata mpaka mawuwo anatha. A Mwajuma anati sakukumbuka kuti tsiku limenelo kunabwera munthu.

Apo mʼpamene analira, kulira kumene sanalire pa maliro paja. Ndinakhala nawo mpaka anatonthola. Ndikutsanzika anandipatsa foni yawo nʼkunena kuti ndiwaikiremo manambala okha, kuti ana akadzakula adzamve bambo awo akuwerenga. Chiganizo choitana anthu chija ndi funso lija anati ndifufute iwo akuona, ndipo ndinatero.

Metangula ndi Lunho, mvula isanayambe

Mawu a Chipwitikizi sanathandize. Anthu ochepa amene anabwerera ku chipatala sankamva zimene mayi wa kumzinda uja ankanena, ndipo ena ankati malemuyo wangosintha mawu kuti asadziwike. A Matias anati pali njira ziwiri: tichotse masipika mʼzipatala zonse, kapena tipeze munthu wa kunyanja konkuno, wamoyo, woti anthu azimuona, ajambule mawu atsopano mʼChinyanja. Kuchotsa masipika kukanatanthauza kuti anthu ankanena zoona, ndipo a Rosa anati kompyuta ikakhalabe mʼchipindamo odwala sadzalowamo.

Ndinapempha mphunzitsi wina wa mawu omveka bwino, anakana. Ndinapempha bambo amene ankawerenga mawu kutchalitchi kwathu, anati akaganize, nʼkuyamba kundizemba pamsika. Mtsikana wina wolengeza pa misonkhano anavomera, koma mʼmawa mwake amayi ake anabwera kudzandiuza kuti mwana wawo saika mawu ake mʼmalo a munthu wakufa. Sindinawadabwe.

Bambo anu nditawauza zimene ndinkaganiza, zoti ndijambule mawu anga ine mwini, anapitiriza kusoka ukonde. Iwo sankakhulupirira za ndondocha. Chimene chinkawavuta chinali china. Anati tsiku lina ine ndidzapita, ndipo iwo kapena inu mudzadwala, mudzakhala pa benchi nʼkumandimva ndikukuitanani. Anandifunsa ngati ndaganizira zimenezo. Ndinati ndaganizira, komanso ndaganizira anthu a ku Lunho amene mabotolo awo a mankhwala ali opanda kanthu. Sanandiletse, koma sanandiuzenso kuti ndachita bwino, mpaka tsiku limene anatisiya.

Ndinajambula mʼkachipinda ka kuofesi Lamlungu masana, sitolo ili yotseka. Ndinakhala pa mpando wanga, wa a Amisse uli pambali. Powerenga manambala ndinkadzimva ndikupuma pamene iwo ankapuma, ndipo kangapo ndinaima kuti ndiyambirenso. Chiganizo choitanira ndinachisintha, ndinati: bwerani, anamwino akukudikirani. Ndinamvetsera nambala iliyonse mpaka kumapeto nʼkudula chilichonse chimene sichinali nambalayo. Kenako ndinamanganso insitaladori. Mabibiliyoteka awo ndinawasiya mmene anawasanjira, chifukwa panalibe cholakwika. Pasita yoyesera ndinaichotsa. Variyaveli ya mawu ndinaikonza kuti insitaladori iziidzaza yokha, ndipo ikalephera, pulogalamu izingokhala chete.

Lachinayi lina ndinapita ku Lunho. A Rosa anali atalengeza mʼmizikiti ndi mʼmatchalitchi kuti mwini mawu atsopano abwera. Anthu anabwera, koma anaima patali, kuseri kwa mtengo wa mango. Ndinaima pansi pa sipika. Sipika inkaitana nambala, ine nʼkubwereza ndi pakamwa panga. Tinachita zimenezi kwa nthawi ndithu popanda wosuntha. Kenako mayi wina wachikulire anabwera, nʼkunditsina pamkono mwamphamvu mpaka ndinati mayo. Anatembenukira anzake nʼkuwauza kuti uyu ndi munthu, ndipo analowa kwa a Rosa. Ena anatsatira. Si onse amene anabwerera mwezi umenewo, ndipo alipo awiri kapena atatu amene tinachedwa nawo. Ndinayenda chimodzimodzi mʼzipatala zina zonse, kuima pansi pa sipika ngati mbuzi ya pamsika, mpaka mvula inatseka misewu.

Chiwanga, chaka chino

Bungwe lija linachoka kalekale, koma pulogalamuyo ikugwirabe ntchito mʼzipatala zingapo. Amene amaisamalira pano anandiuza kuti kompyuta ikafa amatenga insitaladori yomwe ija, chifukwa ndi yokhayo imene imalowa popanda intaneti. Chiyambire reforma ndinkakalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi ku vila, kutauni, kumene amaitana ndi pakamwa, ndipo ndinkachita dala. Mwezi wathawu miyendo inakana, choncho ndinapita ku kachipatala kapafupi.

Ndinakhala pa benchi ndi kapepala kanga mʼmanja. Mawu amene ankatuluka pa sipika anali a mayi wamphamvu, wa mano onse mʼkamwa, ndipo ndinawamvetsera ngati a mʼbale amene ndinasiyana naye kalekale. Pambali panga panali mayi wachitsikana wochokera kumapiri, amene anakwatiwa kuno posachedwa, atanyamula mwana wotentha thupi. Ataona kuti ndikuyangʼanitsitsa sipikayo, anandiyandikira nʼkundinongʼoneza.

“Agogo, musaiyangʼane choncho. Akuti mayi amene amaitanayu anamira panyanja kalekale, mtembo wake sunapezeke. Koma akuti alibe vuto, bola ukaitanidwa usachedwe.”

Ndinafuna kumuyankha, koma ndinaona kuti ndikatsegula pakamwa mwina azindikira, ndipo anali ndi mwana wodwala woti aonedwe. Ndinangogwedeza mutu. Posakhalitsa nambala yanga inaitanidwa. Bondo linandivuta podzuka, ndipo mtsikanayo anandigwira mʼkhwapa nʼkundikankha kuti ndifulumire asanandiitane kachiwiri.